Kukonza matabwa opondapo m'boti la usodzi musanapake zotchinga madzi

Penti ikayamba kusupuka pa boti patangotha miyezi iwiri, mlandu umagwera wa sitolo: wandigulitsa yabodza. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri vuto limakhala pansi pa pentiyo. Thabwa linali lisanaume, kapena linali litamwa mafuta a nsomba ndi oyilo wa injini, ndiye pentiyo sinalowe mu mtengo, inangogona pamwamba. Malangizo awa ndi a maboti a matabwa amene timawaona pa madoko a Senga Bay, Nkhotakota, Msaka ndi Makanjira, ndipo akukhudza ponse pamene phazi limaponda: kansanja ka kutsogolo kounjikapo ukonde wa chilimira, matabwa a pansi, mipando, ndi kansanja ka kumbuyo pafupi ndi injini. Kupaka kwenikweniko ndi ntchito ya masiku ochepa. Kukonzekera ndiye kumadya masabata.

Dziwaninso kuti madzi a nyanja yathu alibe mchere, ndipo madzi otere amawoletsa mtengo msanga kuposa a ku Beira kapena Nacala, chifukwa mchere umafooketsa nkhungu yodya matabwa. Madzi a mvula odikha pa nsanja nawonso ndi chimodzimodzi.

Yambani ndi nyengo ndi malo

Miyezi yabwino ndi ya pakati pa Meyi ndi Seputembala. Mvula kulibe, mpweya ndi wouma, ndipo mwera ukakula maboti ambiri amagona kumtunda kale, kotero simukutaya usodzi wambiri. Choipa cha mwera ndi mchenga umene umauluka, ndipo tidzabwererako. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limang'amba matabwa komanso epoxy, guluu wotchinga madzi amene mumasakaniza ndi mankhwala olimbitsa, imauma muli nayo m'manja. M'dzinja musayese pokhapokha muli ndi denga lenileni.

Kokerani boti kumtunda, kutali ndi pofika mafunde. Likhale pa zipika kapena mitanda, lokwezeka mpaka m'maondo, kuti mphepo izidutsa pansi. Kumbuyo kutsikeko pang'ono kuti madzi otsukira azitsetserekera mbali imodzi. Mangani chisakasa cha udzu kapena lona pamwamba, m'mbali musiye potseguka. Musakulunge botilo m'pulasitiki wakuda. Limachita thukuta m'kati ndipo simudzaliumitsa.

Sankhiranitu chimene mudzapake

Izi zimabwera koyambirira chifukwa kakonzedwe ka thabwa kamadalira chimene chidzagone pamwamba pake.

Ngati nsanja yanu ndi ya matabwa ogundanizidwa, kumbukirani kuti thabwa lililonse limafufuma likanyowa n'kufota likauma. Chopaka cholimba gwa sichitsatira mayendedwe amenewa, chimang'ambika pa mzere wokumanira matabwa, madzi n'kulowa, n'kusowa potulukira. Pa nsanja yotere ine ndimakonda njira yakale: kutseka mipata ndi thonje ndi zomatira zofewa, kenako primer, penti yoyamba yolowa mu mtengo, ndi penti ya mafuta pamwamba pake. Imafuna kubwereza chaka ndi chaka, koma powonongeka pamaoneka msanga ndipo mumakonza nokha.

Ngati nsanja ndi ya plywood ya m'madzi, epoxy yokhala ndi nsalu ya faiba imagwira bwino kwambiri, chifukwa plywood siyenda ngati thabwa. Resin ya polyester, imene amapangira maboti a faiba, ndi yotsika mtengo koma sigwira mtengo ngati epoxy. Pakapita nthawi imatukuka ngati chikwangwa, kunsi kwake mtengo ukuwola mwakachetechete.

Ndiye pali phula. Limatchinga madzi, limapezeka, koma pamalo opondapo limafewa ndi dzuwa, limadetsa ukonde ndi nsomba. Chachikulu n'chakuti pamene panagonapo phula, epoxy sigwira, ndipo penti yoyera imasanduka yakuda chifukwa phulalo limatulukira. Boti lanu likakhala kuti linapakidwapo phula, muli ndi njira ziwiri: kupala mpaka mutapeza mtengo woyera, kapena kupitiriza ndi phula lomwelo. Chimodzimodzi ndi oyilo wakutha wa galimoto amene ena amakhuthulira pa matabwa kuti asafumbwe.

Chotsani zonse, tsukani musanakhudze sandipepa

Tulutsani injini, thanki ya petulo, mabatire a nyali, zingwe, nangula. Matabwa a pansi amene amachoka achoke, ndipo muwalembe manambala kunsi kuti aliyense adzabwerere pake. Zitsulo zomangirirapo zingwe zimasuleni. Musapente mozizungulira, pakuti madzi amalowera pansi pake pomwepo.

Palani mamba ndi matope ouma ndi chitsulo chafulati. Kenako sopo waufa, madzi otentha ndi burashi yolimba ya pulasitiki. Khulani motsatira mizere ya thabwa, tsukuluzani ndi madzi ambiri, bwerezani. Madzi a sopowo akapireni kumtunda, asabwerere m'nyanja momwe anthu akutunga ndi kutsuka mbale.

Ambiri amathamangira sandipepa thabwa likadali ndi mafuta. Kutero ndi kukankhira mafutawo m'kati ndi kuwafalitsa ponseponse. Tsukani kaye.

Malo awiri amavuta: pamene usipa ndi utaka zimaunjikidwa, ndi kumbuyo kumene petulo wosakaniza ndi oyilo amadonthera. Pamenepo thabwa limakhala lakuda ndi loterera ngakhale mutatsuka katatu. Thirani utuchi wouma kapena phulusa losefa, siyani tsiku lonse padzuwa kuti kutentha kukoke mafuta, sesani, tsukaninso. Pomaliza pukutani ndi acetone, mankhwala amadzimadzi osungunula mafuta amene amauma msanga. Musagwiritse ntchito parafini kapena dizilo poyeretsa, pakuti zimenezo ndi mafutanso.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Thabwa likauma, donthezanipo madzi pang'ono. Akafalikira n'kudetsa mtengo, ndiye kuti pali bwino. Akaima ngati timikanda, mafuta akadalipo. Thabwa likakana ndithu mutabwereza kangapo, lipaleni ndi pulena mamilimita awiri kapena atatu, apo ayi lichotseni muikepo lina.

Penti yakale

Ngati mukufuna epoxy, penti yonse ichoke mpaka mtengo uoneke. Ngati mukubwereza penti ya mafuta pa inzake, chotsani yokhayo yotukuka ndi yong'aluka, yotsalayo muikhule kuti isiye kunyezimira. Chopalira chakuthwa chimagwira ntchito yambiri kuposa momwe anthu amaganizira, chinoleni pafupipafupi. Grinder imafulumira koma imakumba timaenje momwe madzi adzadikhe, choncho ikhale m'manja mwa munthu wozolowera. Burashi ya waya wachitsulo isiyeni, imasiya tizidutswa timene timachita dzimbiri pansi pa penti.

Kuwotcha penti ndi moto m'boti lomwe lakhala likumwa petulo ndi kuputa ngozi. Komanso penti zina zakale zili ndi mtovu, ndipo utsi ndi fumbi lake ndi poizoni. Valani chotchinga mphuno ndi pakamwa, ndipo ana amene amakonda kudzaonerera akasewere kwina.

Funani powola

Tsopano mtengo uli poyera, tengani sikuludiraiva ndi hamala yaing'ono. Gogodani thabwa lililonse. Labwino limalira mokweza, lowola limalira mogonthera. Bayani pamene mukukayikira: nsonga ikalowa mosavuta, kapena mtengo ukamanyenyeka osatuluka tizipatsi tatitali, pamenepo pafa.

Pofunika kuyang'anitsitsa ndi kumapeto kwa matabwa, chifukwa mtengo umamwa madzi kwambiri kumene unadulidwa, mozungulira misomali, pamene nsanja yakumana ndi khoma la boti, pansi pa zitsulo munamasula zija, ndi pamwamba pa nthiti zimene zanyamula nsanjayo. Lowetsani mutu kunsi muone ndi tochi. Nthiti ikawola, kupaka pamwamba n'kutaya ndalama.

Powola sipapakidwa mankhwala, pamadulidwa. Dulani mpaka mutapeza mtengo wolimba, n'kupitirirako ngati chikhatho chimodzi, chifukwa nkhungu imakhala italowa kale kumene diso silikuona. Chigamba chikhale cha mtengo wofanana ndi wakalewo, mizere yake iloze mbali imodzi, ndipo m'mbali mwake mudule mopendeka kuti chigwirane bwino. Chofunika koposa, chikhale chouma. Thabwa lochokera kumene kocheka lidzafota n'kusiya mpata ngakhale mmisiri atalilowetsa mothina chotani.

Mlombwa ndi mbawa ndiyo mitengo imene amisiri a maboti amaidalira, ngakhale masiku ano kupeza thabwa lalitali la mlombwa ndi nkhani ina. Pogula mlombwa pewani mbali yoyera ya kunja. Yolimba ndi yofiirira ya pakati. Mkungudza wa ku Mulanje, umene kale unkatchuka pa maboti, watsala pang'ono kutheratu ndipo ndi wotetezedwa, choncho wokugulitsani thabwa lake akukugulitsaninso mlandu. Paini ndi wotchipa koma amawola msanga, ndipo amafuna kutsekedwa mbali zonse asanakhomedwe.

Misomali nayo muione umodziumodzi. Wadzimbiri umadziwika ndi banga lakuda mouzungulira. Wogwedera uzuleni, tsekani bowolo ndi kamtengo kosongola kopaka guluu wosalowa madzi, khomani wina pambali pake. Gulani ya galvanised kapena masikuluwu a stainless. Misomali wamba ya denga idzakubwezerani pomwe munali. Mitu yonse ilowe mamilimita awiri kapena atatu pansi pa thabwa, mudonthezepo primer yoletsa dzimbiri, kenako mutseke.

Kuumitsa: apa ndi pamene ambiri amagonja

Boti likakhala kumtunda, alovi amayamba kufunsa kuti bwana tilowa liti, ndipo ena amasamukira kwa mnzanu. Ndalama sikulowa. M'pomveka kuti mwini boti amafuna kupaka mawa lomwe. Koma chotchinga madzi chimatchinga mbali zonse ziwiri: chimaletsa a kunja kulowa, chimaletsanso a m'kati kutuluka. Mukapaka pa thabwa lonyowa mwatsekera madziwo m'kati, dzuwa likawomba amasanduka nthunzi, penti n'kutupa matuza.

Amisiri amene ali ndi kachipangizo koyezera chinyontho amafuna kuti chinyonthocho chitsike mpaka 15 peresenti, ndipo pa epoxy chifike cha m'ma 12. Chikapitirira 20 peresenti nkhungu yowoletsa imayamba ntchito. Ngati kachipangizoko mulibe, dulani pulasitiki woonekera, wotalika ngati theka la mita mbali zonse, mumuyale pa thabwa n'kumata m'mbali monse ndi tepi. Muikeni masana, mudzamuone mawa lake m'mawa. Kunsi kwake kukakhala timadontho, kapena thabwa likaderako kuposa pozungulira, dikirani. Yesani malo angapo, makamaka m'makona ndi kumbuyo, osati pakati pokha pamene mphepo imawomba.

Masiku ake sangatchulidwe motsimikiza. Zimadalira mtengo, kukhuthala kwa thabwa ndi nthawi imene lakhala m'madzi. Paini wopyapyala amauma msanga, mlombwa wokhuthala umatenga masabata. Matabwa ochoka aja aimikeni pa mthunzi motalikirana, muziwatembenuza. Usiku phimbani pamwamba kuti mame asabwezeretse zomwe dzuwa lachotsa.

Pali chenjezo limodzi. Mukuumitsa nsanja, thupi la boti nalo likuuma, ndipo matabwa ake a m'munsi amayamba kutsegula mipata. Musadabwe, adzafufumanso likabwerera m'madzi. Koma musalisiye pa dzuwa la Okutobala popanda mthunzi, chifukwa thabwa long'ambika pakati silibwereranso.

Mipata ya pakati pa matabwa

Kokani zonse zakale zimene zili m'mipata: thonje lowola, nsanza, phula louma. Msomali waukulu wopinda nsonga ngati mbedza umagwira bwino ntchitoyi. Pitanimo ndi sandipepa yopinda pawiri kuti m'mbali muyere, uzirani fumbi, pakanimo primer ndi kaburashi kakang'ono.

Primer ikauma, lowetsani thonje lopota ndi tchizulo yobuntha. Menyani pang'onopang'ono mpaka hamala itayamba kulira mofanana mzere wonse, ndipo musiye malo pamwamba oti zomatira zikhalemo. Pano ndi pamene kuuma kwa matabwa kumanyenga. Mpata ukuoneka waukulu lero chifukwa matabwa afota. Mukaupanikiza thonje mpaka gwa, kapena mukaudzaza ndi chinthu cholimba, tsiku limene matabwa adzafufume adzasowa kopita, adzapindika n'kuzula misomali. Thonje likhale lothina koma osati ngati mwala.

Pamwamba pa thonje ikani zomatira za polyurethane, zimene zimakhala zofewa ngati labala zikauma ndipo zimalola penti. Silicone ya m'bafa ayi: penti sigwirapo, ndipo imasiya mafuta ake mu mtengo oti mudzavutika nawo chaka chamawa. Zomatira za ophwanyula magalimoto nazonso ayi, zimamwa madzi n'kugwa. Timaenje ta misomali ndi ting'alu tating'ono mutha kutseka ndi epoxy yosakaniza ndi utuchi wosefa mpaka italimba ngati chiponde. Pa plywood imene mukuti mudzayale nsalu ya faiba, m'makona momwe nsanja yakumana ndi khoma muikemo epoxy yomweyo n'kuisalaza ndi kumbuyo kwa supuni, kuti nsalu idzapinde mozungulira osasiya mphako.

Kukhula

Yambani ndi sandipepa ya nambala 60 pamene pali mabampu, mutsirize ndi 80. Pa epoxy imani pomwepo. Imafuna mtengo wokhakhala pang'ono kuti igwire. Pa penti mutha kupitiriza ndi 120. Kusalaza kupitirira apo kumangotseka timabowo ta mtengo. Kulungani sandipepa pa kachipika kafulati ndipo muzitsatira mizere ya thabwa.

M'mphepete monse mwakuthwa muzungulitse, mukhale ngati m'mbali mwa pensulo. Penti imapyapyala pa ngodya yakuthwa, ndipo ndi pomwe chingwe cha ukonde chimayambira kuidya.

Mukadali pomwepo, thirani maso pa kayendedwe ka madzi. Ikani thabwa lowongoka pa nsanja muone ngati pali polowa pomwe madzi angadikhe. Tsegulani timabowo ta kunsi kwa nthiti timene timalola madzi kutsikira kokapira. Timatsekeka ndi mamba ndi mchenga. Kunsi kwa nsanja ndi kumapeto kwa matabwa kupakidwenso primer. Ndipo kansanja ka kutsogolo kasatsekedwe ponseponse, kasiyireni polowera mphepo.

Sesani, pukutani ndi nsalu youma, kenako ndi nsalu ya thonje yoyera yonyowetsa acetone, ina youma ikutsatira pambuyo. Mitengo ina yolimba ili ndi mafuta akeake amene amabwerera pamwamba, choncho kupukuta komalizaku kuchitike patatsala nthawi yochepa kuti mupake. Acetone amayaka msanga. Wosuta fodya ndi wowotcha nsomba akhale kutali. Kuyambira apa palibe kukwera m'boti ndi mapazi odzola mafuta kapena kugwira thabwa ndi manja odyera kanyenya. Yalani makatoni oyera pomwe mukugwada.

Tsiku lopaka koyamba

Yesani kaye pa kamalo kobisika. Pakanipo, dikirani kuti paume bwino, chekanipo timizere topingasa ndi lezala, matanipo tepi n'kuikoka mwamphamvu. Tepi ikabwera ndi penti, china chake sichinathe: mafuta kapena chinyontho.

Musayambe m'mamawa mame asanachoke. Penti ya mafuta imafuna m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, kuti igwire madzulo asanafike. Epoxy yoyamba pa mtengo wosapakidwa ndi yosiyana: ipakeni masana dzuwa litapendeka, thabwa litayamba kuzizira. Thabwa likamatentha limatulutsa mpweya umene umasiya tithovu mu epoxy, pomwe likamazizira limaikokera m'kati.

Primer yoyamba isungunuleni pang'ono ndi thinner, mankhwala osungunulira penti, monga mwalembedwa pa chitini, kuti ilowe mu mtengo. Yambani ndi kumapeto kwa matabwa ndi m'makona, mubwereze mpaka atasiya kumwa. Epoxy isakanizeni motsatira muyeso wa wopanga ndendende; kuwonjezera cholimbitsa sikufulumizitsa kanthu, kumangoisiya yomata. Sakanizani pang'onopang'ono, muithire m'chiwiya chotambalala, chifukwa m'kachitini kakuya imadzitenthetsa yokha n'kuuma m'mphindi zochepa. Valani magolovesi, epoxy imatha kuyambitsa ziwengo zosatherapo.

Mwera ukamaulutsa mchenga, tchingani mbali yomwe ukuchokera ndi mphasa, ndipo wazani madzi pansi mozungulira boti. Mukaona mtambo wa tizilombo touluka totchedwa nkhungu ukufuka panyanja, tsekani chitini mudikire, ndipo usiku musasiye nyali pafupi ndi penti yosauma.

Epoxy ikauma nthawi zina imasiya kautoto koterera pamwamba. Katsukeni ndi madzi, khulani pang'ono, kenako mupake penti, chifukwa epoxy yosaphimba imaphwanyika ndi dzuwa. Kuti alovi asaterereke pokoka chilimira usiku, wazani mchenga pa penti yachiwiri ikadali yonyowa. Mchengawo ukhale wotsuka, wouma ndi wosefa. Mawa lake sesani wosagwira, pakani penti yomaliza pamwamba. Boti lidikire masiku amene alembedwa pa chitini, ndipo pa epoxy ndi penti ya mafuta sabata yathunthu si yochuluka. Kanikizani chikhadabo pa kona yobisika: chikasiya chidindo, ukonde usakwere kaye.